Ndulu: ntchito yake m'thupi ndi zomwe zimachitika ikasiya kuyenda

Aliyense amene anatumbulapo nkhuku amakadziwa kathumba kobiriwira komwe kamamatirira pachiwindi. Mpeni ukafika pamenepo umayenda mwaulemu, chifukwa kakangophulika, nyama yomwe madzi ake akhudza imawawa ngakhale mutaitsuka kangati. Pachichewa kathumbako timati ndulu, madzi a m'katimo timatinso ndulu, ndipo dzina limodzili lasokoneza anthu ambiri. Amayesa kuti kathumbako ndi komwe kamapanga madziwo. Amapanga ndi chiwindi, kathumbako ndi nkhokwe chabe. Choncho muno tikati ndulu tikunena madziwo, ndipo nkhokweyo tiziitchula kuti kathumba ka ndulu.

Chiwindi cha munthu wamkulu chimalemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka ndipo chimakhala kumanja, kuseri kwa nthiti zam'munsi. Maselo ake amakha ndulu usana ndi usiku, mamililita 400 mpaka 800 patsiku, tinene makapu awiri kapena atatu. Nduluyo imayamba kuyenda m'tinjira tosaoneka ndi maso, tinjirato timathirana ngati timifuleni mpaka kutuluka m'chiwindi ngati mapaipi awiri, wakumanja ndi wakumanzere. Awiriwa amakumana n'kukhala paipi imodzi yotsikira kumatumbo. Ndi yoonda kuposa pensulo, kawirikawiri siipitirira mamilimita 6 m'mimba mwake, ndipo ndulu yonse ya thupi ilibe njira ina koma yomweyi. Kanthu kakang'ono ngati njere ya nandolo kangathe kuitseka.

Kumapeto kwake paipiyi imakumana ndi paipi ya kapamba, chiwalo chija chimapanga insulin ndi madzi ogaya chakudya, ndipo ziwirizi zimathira malo amodzi m'chigawo choyamba cha matumbo aang'ono. Pakhomo pamenepo pali kamnofu kozungulira komwe kamamanga ngati chingwe cha pakamwa pa thumba. Madokotala amakatchula dzina la Ruggero Oddi wa ku Italy, amene anakafotokoza mu 1887. Munthu akakhala osadya, kamnofuka kamatseka, ndulu imabwerera m'mbuyo n'kulowa kanjira kapambali kopita m'kathumba. Kathumbako n'kotalika masentimita 7 mpaka 10 ndipo kamasunga mamililita 30 mpaka 60 basi. Kuti zambiri zikwanemo, khoma lake limamwa madzi, nduluyo imatsala yokhathamira kasanu mpaka kakhumi kuposa momwe inatulukira m'chiwindi.

Mukadya chakudya chamafuta, kaya ndi nyama ya pachiwaya, mandasi kapena ndiwo zotendera, mafutawo akangofika m'matumbo, khoma la matumbo limatulutsa homoni yotchedwa cholecystokinin. Imeneyi imafinya kathumba n'kumasula kamnofu ka pakhomo nthawi imodzi, ndulu yokhathamira ija n'kuthira pa chakudyacho.

Sopo wa m'matumbo

Mafuta sasakanikirana ndi madzi. Mbale yomwe munali nyama ya nkhumba mukaitsuka ndi madzi okha, mafuta amangosuntha malo. Mukathira sopo amasweka kukhala timadontho n'kuchoka. Ndulu imachita zomwezo m'matumbo. Muli michere yomwe chiwindi chimapanga kuchokera ku cholesterol, mtundu wa mafuta opezeka m'thupi, ndipo kamchere kalikonse kali ndi mbali yogwira mafuta ndi mbali yogwira madzi. Michereyi imaswa mafuta kukhala timadontho tating'ono kwambiri, kuti lipase, chogayira mafuta chochokera ku kapamba, ipeze pogwira n'kuwagaya. Ikatero imanyamula zogayidwazo n'kuzifikitsa pakhoma la matumbo pomwe zimalowera m'thupi. Mavitamini A, D, E ndi K amasungunuka m'mafuta okha, ndiye nawonso amadalira ulendo womwewu.

N'chifukwa chake munthu amene ndulu yake yatsekeka kwa milungu ingapo amachita chimbudzi chotuwa, chamafuta, chonunkha kwambiri, choyandama m'madzi. Amaonda ngakhale akudya. Chowopsa chomwe sichioneka msanga ndi kuchepa kwa vitamini K, yemwe chiwindi chimamufuna popanga zoumitsa magazi: munthuyo amatuluka magazi m'nkhama, kabala kakang'ono kamachedwa kuuma. Madokotala asanachite opaleshoni munthu wa chikasu amayamba ayeza kaumidwe ka magazi ake, ndipo kawirikawiri amamubaya vitamini K.

Thupi silitaya michereyi mwachisawawa. Yonse pamodzi imangokwana magalamu 2 mpaka 4, yochepa kwambiri poyerekeza ndi mafuta a tsiku lonse. Choncho ikafika kumapeto kwa matumbo aang'ono, magawo 95 mwa 100 amatengedwanso, kubwerera kuchiwindi kudzera m'magazi, n'kutumizidwanso. Mchere womwewo umazungulira ka 6 mpaka ka 10 patsiku. Wotayika m'chimbudzi ndi pafupifupi theka la galamu, ndipo chiwindi chimapanga wina wolowa m'malo. Kutayika pang'onoku ndi njira yaikulu yomwe thupi limachotsera cholesterol. Munthu akadulidwa chigawo chomaliza cha matumbo aang'ono, kapena chikatupa ndi matenda, michere imadutsa yambiri kukafika m'matumbo aakulu, komwe imakoka madzi n'kuyambitsa kutsekula m'mimba kosatha.

Ngalande yotayira zinyalala

Ntchito yachiwiri ndi yomwe imapatsa ndulu mtundu wake. Selo lofiira la magazi limakhala masiku pafupifupi 120, likakalamba limaphwanyidwa. Ayironi wake amasungidwa kuti agwirenso ntchito, koma chotsala cha utoto wofiira uja chimasanduka chinthu chachikasu chotchedwa bilirubin, mamiligalamu 250 mpaka 350 patsiku. Bilirubin ikangopangidwa siisungunuka m'madzi, choncho impso sizingaitulutse. Imayenda m'magazi itakwera pa puloteni yotchedwa albumin mpaka kuchiwindi. Chiwindi chimaimata kachinthu kofanana ndi shuga, ikatero imasungunuka m'madzi n'kutayidwa m'ndulu. Tiitchule yoyambayo kuti yosakonzedwa, yachiwiriyo yokonzedwa, chifukwa kusiyana kumeneku ndi komwe a labu amayang'ana.

M'matumbo, mabakiteriya amaisandutsa utoto wakhofi womwe timauona m'chimbudzi. Pang'ono imabwerera m'magazi n'kutuluka ndi mkodzo, ndiwo mtundu wachikasu wa mkodzo wabwinobwino. Ndiye kuti maso, mkodzo ndi chimbudzi zimanena tsiku ndi tsiku ngati ndulu ikuyenda.

Mwa munthu wamkulu, bilirubin m'magazi imakhala yosapitirira 21 pa muyeso wa micromol pa lita. Ikafika cha m'ma 40 kapena 50, choyera cha m'maso chimayamba chikasu. Pa khungu lakuda chikasu sichioneka msanga, choncho yang'anani m'maso, kunsi kwa lilime ndi m'nkhama, panja pa dzuwa osati pa nyali kapena babu. Nyengo ya mango ndi maungu ana ena amachita chikasu m'manja ndi kumapazi koma maso ali mbee. Umenewo ndi utoto wa chakudya, si matenda.

Maso akachita chikasu anthu ena amati ndulu yaphulika. Kathumba ka ndulu kamaphulikadi nthawi zina, koma munthu wake sayenda n'komwe, mimba imauma gwaa ndi ululu. Chikasu chambiri chimabwera kathumba kali bwinobwino. Ndipo chikasu pachokha si dzina la nthenda. Ndi chizindikiro choti bilirubin yaunjikana, ndipo funso la dokotala limakhala lakuti yaunjikana chifukwa cha vuto lili pati: chiwindi chisanafikidwe, m'chiwindi momwemo, kapena m'paipi yotulukira.

Vuto likakhala loti maselo ofiira akusweka ambiri nthawi imodzi, chiwindi chimakhala chabwino koma katundu wachichulukira. Kwathu kuno choyamba kuganizira ndi malungo aakulu, ndipo munthu wa malungo amene maso achita chikasu ndi wogonekedwa, si wopatsidwa LA n'kubwerera kunyumba. Zina ndi sickle cell, nthenda yobadwa nayo yopinda maselo ofiira, ndi kuchepa kwa G6PD, choteteza maselo ofiira, komwe munthu amabadwa nako, komwe kumachititsa maselo kusweka akamwa mankhwala ena monga primaquine kapena dapsone. Apa chimbudzi chimakhalabe ndi mtundu wake, thupi siliyabwa, koma munthuyo amakhala wosowa magazi, wofooka, mtima ukuthamanga.

Vuto likakhala m'chiwindi, mndandanda wake ndi wautali. Hepatitis A ndi E, matenda otupitsa chiwindi, amabwera ndi madzi kapena chakudya chodetsedwa, ndipo E ndi wowopsa kwa amayi oyembekezera. Hepatitis B amayenda m'magazi, pogonana, ndi kuchoka kwa mayi kupita kwa mwana; angakhale m'thupi zaka makumi awiri mwakachetechete n'kudzaonekera chiwindi chitauma kale kapena chitachita khansa. Ku Malawi katemera wake ali m'gulu la akatemera a ana kuyambira 2002, pa milungu 6, 10 ndi 14. Mowa, makamaka kachasu wa tsiku ndi tsiku, umaumitsa chiwindi. Chuku cha pa mtedza ndi chimanga chosauma bwino chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, yemwe akakumana ndi hepatitis B amakweza kwambiri chiopsezo cha khansa ya chiwindi. Mankhwala nawo ali pomwepo. Panado wopitirira magalamu 4 patsiku, omwe ndi mapiritsi 8 a mamiligalamu 500, angawononge chiwindi cha munthu wamkulu, ndipo kwa womwa mowa kapena woonda kwambiri malirewo amatsika. Mwa mankhwala a TB, isoniazid, rifampicin ndi pyrazinamide onse angatupitse chiwindi. Rifampicin imafiiritsa mkodzo ndi misozi, zimenezo sizowopsa, koma maso akachita chikasu, kapena munthu akayamba nseru ndi kusanza, abwerere kuchipatala tsiku lomwelo. Atazanavir, amene ali m'ma ARV ena, amachititsa maso chikasu popanda kuvulaza chiwindi, komabe wonena kuti n'zimenezo akhale wachipatala atayeza magazi. Munthu amene ali ndi HIV ndi hepatitis B pamodzi asasiye dala ma ARV okhala ndi tenofovir, popeza mankhwala omwewo ndi amene akupondereza hepatitis B. Akasiya, chiwindi chingatupe mwadzidzidzi.

Vuto likakhala lotsekeka paipi, zizindikiro zake zimagwirizana bwino moti ngakhale wosaphunzira zachipatala angazione. Bilirubin yokonzedwa yasowa kotulukira, yabwerera m'magazi, ndipo poti imasungunuka m'madzi impso zikuitaya: mkodzo umada ngati tiyi wopanda mkaka. M'matumbo simukufika utoto: chimbudzi chimatuwa ngati phala. Thupi limayabwa koopsa, makamaka usiku, popanda zidzolo. Pa zoyeza magazi za labu, ALP ndi GGT, zosonyeza vuto la mapaipi, zimakwera kwambiri kuposa ALT ndi AST, zosonyeza kuvulala kwa maselo a chiwindi, pomwe chiwindi chikatupa chokha zimakhala mosemphana. Chotseka chingakhale mwala, chipsera, chotupa, ngakhale njoka yam'mimba. Njoka zazikulu zija zotalika ngati pensulo kapena kuposa zimatha kukwawa kuchoka m'matumbo n'kulowa pakhomo la Oddi, ndipo kumadera komwe ana ali nazo zambiri zimenezi zimachitikadi. Mankhwala a njoka monga albendazole omwe ana amalandira amateteza ndi zoterezi zomwe. Koma munthu wachikulire amene chikasu chikukulirakulira popanda ululu, akuonda, thupi likuyabwa, asadzitonthoze poti sakumva kuwawa. Chikasu chosawawa ndi chomwe madokotala amachiopa, chifukwa ndi momwe khansa ya kumutu kwa kapamba kapena ya m'paipi ya ndulu imayambira kuonekera.

Nzimbe ndi madzi a shuga zomwe ena amapatsa wodwala chikasu zimangomupatsa mphamvu pang'ono, sizitsegula paipi. Mankhwala azitsamba osadziwika mlingo amakathera kuchiwindi chomwecho chomwe chikuvutika kale.

Miyala

Cholesterol siisungunuka m'madzi. M'ndulu imakhala yosungunuka chifukwa michere ija pamodzi ndi mafuta ena otchedwa lecithin zimaigwira. Cholesterol ikachuluka kuposa zoigwira, kapena kathumba kakamachedwa kukhuthula, imayamba kugwirana ngati shuga wotsalira pansi pa kapu. Poyamba ndi matope, kenako mchenga, pakapita zaka ndi miyala. Wina amakhala ndi mwala umodzi waukulu ngati dzira la nkhunda, wina timiyala mazana. Kumayiko a ku Ulaya ndi America miyala yambiri, pafupifupi 8 mwa 10, ndi ya mtundu umenewu. Ina ndi yakuda, yopangidwa ndi bilirubin, ndipo imagwira anthu omwe maselo awo ofiira amasweka kawirikawiri. Mwana wa sickle cell angakhale nayo asanathe msinkhu. Yachitatu ndi yakhofi, yofewa, yomera m'mapaipi momwe muli mabakiteriya kapena njoka.

Kale miyala ya cholesterol inali yosowa m'midzi ya kuno ku Africa, koma ikuwonjezeka pomwe kadyedwe ka m'tauni, kunenepa ndi matenda a shuga zikufala. Amayi amaipeza kwambiri kuposa abambo. Homoni ya estrogen imawonjezera cholesterol m'ndulu, progesterone imachititsa kathumba ulesi, ndiye mimba iliyonse imawonjezera mpata. Zaka zikamapita chiopsezo chimakula, ndiponso zimayenda m'banja. Chomwe ambiri sachiyembekezera n'chakuti kuonda mothamanga nakonso kumabala miyala. Munthu akamataya kuposa kilogalamu imodzi ndi theka pa mlungu, chiwindi chimathira cholesterol yambiri m'ndulu, pomwe kathumba sikakufinyidwa poti sakudya mafuta. Wofuna kuchepetsa thupi achepetse pang'onopang'ono, osadumpha chakudya masiku, ndipo kamafuta pang'ono kazikhalapo.

Anthu pafupifupi 8 mwa 10 okhala ndi miyala sadziwa n'komwe, ndipo miyala yopezeka mwangozi pa sikani, yosavutitsa, kawirikawiri imasiyidwa. Mavuto amayamba mwala ukasuntha, ndipo kukula kwa vuto kumatengera pomwe waima.

Ukatsekera pakhosi pa kathumba kwa kanthawi, kathumba kamafinya potseka. Ululu umabwera pakapita ola limodzi kapena angapo munthu atadya zamafuta, nthawi zambiri usiku. Umakhala pansi pa nthiti zakumanja kapena pachifu, wolimba, wosadukiza, wolasa kumsana kapena kuphewa lakumanja. Munthu amatuluka thukuta, amasanza, amasowa pogonera. Pakatha mphindi 30 mpaka maola 6 mwala umabwerera, ululu n'kuzimiririka ngati sunalipo. Ambiri amamwa mankhwala a zilonda zam'mimba zaka ndi zaka chifukwa cha ululu umenewu. Kusiyana kwake n'kwakuti wa zilonda umawotcha, umayenderana ndi njala ndipo umamva mankhwala a asidi, pomwe wa miyala umabwera mwa apo ndi apo, mwamphamvu, n'kusiya masiku kapena milungu munthu ali bwino.

Ululu ukapitirira maola 6, thupi n'kutentha, ndiye kuti mwala wakhazikika ndipo kathumba katupa. Dokotala amaika zala pansi pa nthiti zakumanja n'kukuuzani kuti mukoke mpweya. Kathumba kotupa kakatsika n'kugunda zalazo, mpweya umaduka ndi ululu. Apa m'pofunika kugonekedwa, dilipi, mankhwala opha mabakiteriya, ndi opaleshoni. Kukazengereza, kathumba kamadzaza mafinya, khoma lake limafa n'kubooka. Odwala shuga ndi okalamba asamale kwambiri, poti kwa iwo ululu umatha kukhala wochepa pomwe m'kati zinthu zaipa.

Mwala ukatuluka m'kathumba n'kutsekera paipi yaikulu, chikasu chimabwera. Ndulu yoima ili ngati madzi a pachithaphwi, mabakiteriya a m'matumbo amakwera n'kuswana, n'kulowa m'magazi. Zizindikiro zitatu zomwe Jean-Martin Charcot wa ku France anazilemba mu 1877 zikugwirabe ntchito lero: kutentha thupi konjenjemeretsa, chikasu, ndi ululu kumanja kwa mimba. Kwathu kuno n'kosavuta kuzitenga ngati malungo. Ngati zoyeza malungo zasonyeza kuti mulibe, kapena munthu sakuchira ndi mankhwala a malungo, sikani ya pamimba isachedwe. Wodwala akayamba kubwebweta, BP n'kutsika, nkhani yake ndi ya maola. Mankhwala okha sakwanira, paipi iyenera kutsegulidwa.

Mwala ukaima kumapeto kwenikweni, pomwe paipi ya ndulu ikumana ndi ya kapamba, madzi ogaya chakudya a kapamba amayamba kugaya kapamba mwini. Ululu wake ndi wa pachifu wobowoza kumsana, munthu amapezako bwino akakhala chowerama. Timiyala ting'onoting'ono ndi tomwe timachita zimenezi kuposa mwala waukulu, chifukwa waukuluwo sungathe kutuluka m'kathumba.

Choyezera chabwino ndi sikani yomwe ija amaunikira amayi oyembekezera. Imaona miyala ya m'kathumba pafupifupi nthawi zonse, pomwe X-ray wamba amaona 1 kapena 2 mwa 10. Mupite musanadye kwa maola 6 mpaka 8, kuti kathumba kakhale kodzaza. Mukadya kamaphwa, wojambula sangaone bwino m'kati. Miyala ya m'paipi yaikulu imabisala kuseri kwa mpweya wa m'matumbo, ndiye wojambula amayeza kukula kwa paipiyo: ikatakasuka kupitirira muyeso, pali chotseka kumunsi.

Miyala yovutitsa mankhwala ake enieni ndi kuchotsa kathumba konse. Kuchotsa miyala yokha n'kusiya kathumba n'kungoitanira ina. Carl Langenbuch anachita opaleshoniyi koyamba ku Berlin mu 1882, ndipo mu 1985 Erich Mühe, ku Germany komweko, anaichita kudzera m'timabowo. Ya timabowo, kawirikawiri tinayi, munthu amatuluka tsiku lomwelo kapena mawa lake n'kubwerera kuntchito pakatha mlungu umodzi kapena iwiri. Yong'amba pansi pa nthiti imafuna masiku angapo m'chipatala ndi milungu 4 mpaka 6 osanyamula zolemera, koma matenda imachiza chimodzimodzi, ndipo kathumba kakamatirira kwambiri ndi yomwe ili yotetezeka. Ngozi yaikulu pa njira zonse ziwiri ndi kuvulaza paipi yaikulu, zomwe zimachitika mwa anthu ochepa pa 1,000 alionse. Amene wachitidwa opaleshoni n'kuona chikasu, kutentha thupi kapena mimba kutupa patapita masiku, abwerere msanga. Mwala wa m'paipi umachotsedwa ndi chubu cha kamera cholowera kukamwa mpaka pakhomo la Oddi, njira yotchedwa ERCP, kapena pa opaleshoni pomwe chipangizocho palibe.

Popanda kathumba munthu amakhala bwinobwino, chifukwa chiwindi chikupangabe ndulu, kungoti tsopano imadontha m'matumbo mosalekeza. Milungu yoyamba ndi bwino kudya pang'onopang'ono kangapo patsiku, zokazinga zichepe. Ena ochepa amatsekula m'mimba kwa nthawi yaitali, ndipo cholestyramine, ufa womwe umagwira michere ya ndulu m'matumbo, umathandiza.

Mapiritsi osungunula miyala alipo, a ursodeoxycholic acid, koma amagwira pa timiyala ting'onoting'ono ta cholesterol tokha, amafuna miyezi 6 mpaka zaka 2, ndipo mwa anthu pafupifupi theka miyala imabwerera zaka 5 zisanathe. Za pa intaneti zoti mumwe kapu ya mafuta a olive ndi madzi a mandimu kuti miyala ituluke, n'zabodza. Timibulu tobiriwira tomwe timatuluka m'mawa mwake ndi mafuta omwewo atasanduka sopo m'matumbo. Mukatisiya padzuwa timasungunuka, mwala weniweni susungunuka. Choipa n'chakuti mafuta ochuluka chotero amafinya kathumba mwamphamvu n'kutha kukankhira mwala weniweni m'paipi.

Kathumba kamiyala kali ndi mlandu winanso. Mwa anthu ochira typhoid, 2 mpaka 5 pa 100 amatsala ndi mabakiteriya ake m'kathumba, atamatirira pa miyala, ndipo amawataya m'chimbudzi kwa zaka iwo ali bwinobwino, n'kumapatsira ena. Malawi anayamba kupereka katemera wa typhoid kwa ana mu 2023.

Pokamba za ndulu ndi poizoni, nkhani ya ndulu ya ng'ona siingalephere. Mu Januwale 2015 anthu 75 anamwalira ku Chitima m'chigawo cha Tete ku Mozambique atamwa mowa wamasese pamaliro, ndipo mphekesera yoyamba inali ya ndulu ya ng'ona. Zoyeza zinapeza poizoni wotchedwa bongkrekic acid, wopangidwa ndi mabakiteriya omwe anamera mu ufa wa chimanga womwe unanyowa. Ndulu yomwe madokotala akudziwa bwino kuti imapha ndi ya nsomba zina za mtundu wa carp: ku India, China ndi Vietnam anthu oimeza yaiwisi ngati mankhwala amafika kuchipatala impso ndi chiwindi zitaima. Ndulu ya nyama iliyonse si yomwa.

Kusanza zachikasu zowawa pambuyo posanza kangapo, monga zimachitikira ndi malungo kapena matsire, ndi ndulu yomwe yabwerera m'chifu chopanda kanthu, ndipo pakokha sikutanthauza kuti ndulu yadwala. Koma masanzi obiriwira ngati masamba, mimba itatupa, chimbudzi ndi mpweya zitaima, amanena kuti matumbo atsekeka.

Mayi woyembekezera ndi khanda

Miyezi itatu yomaliza, amayi ena amayabwa m'manja ndi kumapazi, kwambiri usiku, popanda chotuluka pakhungu. Mahomoni a mimba achedwetsa ndulu ndipo michere yake yachuluka m'magazi. Mayi amachira akangobereka, koma michereyo ikakwera kwambiri mwana angabadwe masiku asanakwane kapena kufera m'mimba. Kuyabwa kotere n'kokanena kusikelo, osangodzola mafuta. Achipatala amatha kuganiza zomuthandiza mayiyo kuti abereke masiku asanakwane ndithu.

Makanda pafupifupi 6 mwa 10 obadwa pa nthawi yake, ndi 8 mwa 10 obadwa masiku osakwana, amachita chikasu mlungu woyamba. Amabadwa ndi maselo ofiira ambiri osakhalitsa, chiwindi chisanazolowere ntchito. Chikasu chozolowerekachi chimayamba tsiku lachiwiri kapena lachitatu, chimafika pachimake cha m'ma tsiku la 3 mpaka 5, n'kutha milungu iwiri isanakwane. Chimayambira kumaso kutsikira kumiyendo. Kuti muone, dinikizani chala pamphuno kapena pachifuwa cha mwana pamalo owala, n'kuona mtundu wa khungu mukachotsa. Kuyamwitsa ka 8 mpaka ka 12 pa usana ndi usiku kumathandiza, poti bilirubin imatuluka ndi chimbudzi. Madzi a shuga alibe ntchito pamenepa.

Chowopsa ndi chikasu choyamba maola 24 oyambirira, chofika m'manja ndi kumapazi, kapena cha mwana amene akukana bere, wagona lefuu, watentha thupi, akulira mokweza modabwitsa kapena akupinda msana chambuyo. Bilirubin yosakonzedwa ikachuluka imalowa mu ubongo wa khanda n'kusiya kugontha ndi kulumala kwa moyo wonse. Kuchipatala amamugoneka pansi pa magetsi abuluu, maso ataphimbidwa. Kuwalako kumasintha bilirubin pakhungu kuti ituluke popanda kudikira chiwindi. Kumuyanika padzuwa pakhomo sikulowa m'malo mwa magetsiwo, kumangomuwotcha kapena kumuzizira. Khanda losanza zobiriwira ndi lothamanga nalo usiku womwewo.

Pali nthenda ina yosowa, ya mwana mmodzi mwa 10,000 mpaka 20,000, yomwe imaphonyeka chifukwa mwanayo amaoneka wathanzi ndipo amayamwa bwino. Mapaipi a ndulu a kunja kwa chiwindi amauma n'kutsekeka milungu yoyamba ya moyo. Madokotala amati biliary atresia. Ndulu imaunjikana m'chiwindi n'kuchiumitsa m'miyezi yochepa. Opaleshoni yake, yomwe Morio Kasai wa ku Japan anayambitsa m'zaka za m'ma 1950, imalumikiza thumbo pachiwindi penipeni kuti ndulu ipeze potulukira, ndipo imagwira bwino ikachitika mwana asanakwane masiku 60. Akapitirira miyezi itatu mwayi umachepa kwambiri, chotsala n'kumuika chiwindi china. Opaleshoni zazikulu za ana ngati zimenezi n'za kuzipatala zazikulu, monga ku Mercy James Centre pa Queen Elizabeth ku Blantyre yomwe inatsegulidwa mu 2017, ndipo ulendo wochoka kuchipatala chaching'ono kudzera kuchipatala cha pa boma kukafika kumeneko umadya masiku omwewo.

Chizindikiro chake chili pa thewera. Chimbudzi cha khanda loyamwa chimakhala chachikasu chowala kapena chobiriwira, mkodzo wake woyera ngati madzi. Mwana amene wapitirira masiku 14 akadali wachikasu, kapena masiku 21 ngati anabadwa masiku osakwana, ayezedwe magazi, ndipo mupemphe kuti aone bilirubin yokonzedwa payokha, osati yonse pamodzi. Ngati chimbudzi chake chikutuwa ngati phala la ufa woyera, mkodzo n'kumasiya banga lachikasu pansalu, musadikire tsiku la sikelo. Tengani thewera lomwelo, kapena lijambuleni pafoni panja powala, mukaonetse wachipatala.